Mmene selo limadukira pakati, ndi cifukwa cake amai ayenera kukapimitsa khomo la ciberekero

Pa sekondi iliyonse, m'mafupa a munthu wamkulu mumapangidwa maselo ofiira a magazi pafupifupi 2 miliyoni. Khungu lam'kati mwa matumbo limatha n'kumeranso lina pa masiku osakwana sabata imodzi. Bala la khasu likayamba kupola, ndiye kuti maselo a m'mphepete mwa balalo akuculukana kuti atseke pamene panang'ambika. Zonsezi zimayenda m'njira imodzi: selo limodzi limagawikana n'kukhala awiri, awiriwo n'kukhala anai, mpaka malowo atadzaza.

Abale ndi alongo, m'nkhani ino tifotokoza gawo lothera la kugawikana kumeneku, pamene selo limadzimanga pakati ndi kuduka. Gawoli limalamulidwa ndi mapuloteni opereka zizindikiro, ndipo akasokonezeka, njira ina yopita ku khansa imatseguka. Nkhaniyi ikhudza mabanja athu kuno ku Rufunsa, pakuti khansa ya khomo la ciberekero, imene imagwira amai ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse, imayamba ndi kacirombo kosokoneza nchito imeneyi. Tikamvetsa mmene selo limadukira, tidzamvetsanso cifukwa cake anamwino amapaka viniga popima amai, ndi cifukwa cake katemera amaperekedwa kwa atsikana akali aang'ono.

Zimene zimacitika selo lisanaduke

Selo ndi kathumba kakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso pokhapokha pa maikulosikopu. Pakati pake pali phata, ndipo m'phatamo muli malangizo onse a thupi, olembedwa mu DNA. Malangizowa anamangidwa m'mitolo 46 yochedwa ma chromosome: 23 yocokera kwa mai, 23 yocokera kwa bambo.

Selo likafuna kugawikana, limayamba lakopera mitolo yonseyo, motero imakhala 92. Kenaka timaulusi timatambasuka kucokera ku mbali ziwiri za selo, n'kugwira mitoloyo ndi kuikoka: 46 uku, 46 uko. Walther Flemming wa ku Germany ndiye anafotokoza bwino zimenezi m'buku lake la mu 1882, atapenyetsetsa maselo a kanyama kofanana ndi buluzi kochedwa salamander.

Mitolo ikafika ku mbali zake, selo likali limodzi. Catsala ndi kulidula, ndipo akatswiri amachula gawo limeneli kuti cytokinesis. Pali zinthu zitatu zofunika kuti ziyende bwino. Kudula kuyenera kucitika pa nthawi yake, mitolo itapatukana kale. Kuyenera kucitika pa malo ake, pakati penipeni pa magulu awiri aja. Ndipo kuyenera kufika pamapeto, kuti maselo awiri asiyane ndithu. Cimodzi cikalakwika, selo lina limatenga malangizo oculuka, lina opereweza kapena oduka.

Ma enzyme odinda zidindo

Enzyme ndi puloteni imene imafulumizitsa nchito inayake m'thupi. Ena amagaya cakudya, monga aja a m'malovu amene amayamba kusungunula nsima ikali m'kamwa. Ena nchito yao ndi kupereka zizindikiro, ndipo gulu lalikulu la amenewa limachedwa ma kinase.

Kinase imagwira nchito ngati cidindo ca kwa mfumu. Kalata ingalembedwe bwino, koma ku ofesi amayamba aona cidindo asanacitepo kanthu. Kinase nayo imatenga kacidutswa kochedwa phosphate, ka mtundu womwe uja uli mu feteleza wa D Compound, n'kukamata pa puloteni ina. Puloteniyo ikamatidwa imasintha: ina imayamba nchito, ina imaleka, ina imasamukira pamalo ena m'selo. Palinso ma enzyme ena, ma phosphatase, amene amafufuta cidindoco, ndipo puloteni imabwerera mwakale. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs anatulukira njira imeneyi m'zaka za m'ma 1950 ku Seattle, m'dziko la America, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1992. Lero zidziwika kuti thupi la munthu lili ndi mitundu ya ma kinase yoposa 500.

Pa kudula selo, ma kinase atatu ndiwo atsogoleri: Cdk1, Plk1 ndi Aurora B. Cdk1 inadziwika kudzera m'nchito ya Leland Hartwell, Paul Nurse ndi Tim Hunt, amene analandira Nobel mu 2001. Mabanja a Plk1 ndi Aurora anayamba kupezeka mwa tinchenche ta pa zipatso, m'kafukufuku wa David Glover ndi anzake ku Britain, mu 1988 ndi mu 1995. Yisiti, nchenche ndi munthu amagawa maselo ao ndi zida zofanana, ndiye cifukwa cake zopezeka mwa tizamoyo tating'ono zimathandiza madokotala.

Ndondomeko ya kudula

Coyamba ndi kuletsa. Pamene mitolo ikali kufoledwa pakati pa selo, Cdk1 imadinda mapuloteni onse a nchito yodula ndi cidindo cowaimitsa. Cdk1 siigwira nchito yokha, imadalira mnzake wochedwa cyclin. Tim Hunt anaona mu 1982, m'mazira a kamoyo ka m'nyanja ya mcere kochedwa sea urchin, kuti puloteni imeneyi imaculuka kenaka n'kuzimiririka mwadzidzidzi nthawi iliyonse selo likamagawikana. Mtolo wothera ukangogwidwa bwino ndi ulusi, selo limaononga cyclin, mphamvu ya Cdk1 imagwa, ma phosphatase amafufuta zidindo zoletsa zija, ndipo njira imatseguka. Umu ndi mmene selo limapewera kudula nthawi isanakwane.

Caciwiri ndi kusonyeza malo. Mitolo ikamapatukana, pakati pake pamatsala timaulusi tolukana. Plk1 ndi Aurora B zimasamukira pamenepo. Plk1 imadinda puloteni ina imene yakhala pa timaulusito, ndipo cidindoco cimaitana puloteni yochedwa Ect2. Ect2 imayatsa RhoA, enzyme imene ili ngati swichi, pa khungu la selo moyang'anizana ndi malo apakati aja. Cifukwa cakuti cizindikiro cimacokera pa ulusi womwe unakoka mitolo, malo odulira amagwera pakati pa magulu awiriwo. Raymond Rappaport ndiye anaonetsa mu 1961, poyesa mazira a tizamoyo ta m'nyanja, kuti timaulusi ndito timauza khungu la selo pofunika kupinda.

Cacitatu ndi kumanga. RhoA ikayaka, imasonkhanitsa mapuloteni awiri, actin ndi myosin, a mtundu umodzi ndi amene amakoka minofu ya mkono. Imadzutsanso kinase ina yochedwa ROCK, imene imapatsa myosin cizindikiro coyamba kukoka. Mapuloteniwa amapanga lamba kuzungulira selo. Taganizani thumba la cimanga losadzaza, mwalizengereza cingwe pakati n'kumakoka: cimanga cina cimapita kumwamba, cina pansi, ndipo pakati pamaning'a. Selo nalo limaning'a motero pa mphindi zowerengeka, mpaka mbali ziwirizo zitatsala zolumikizana ndi kaulalo kopyapyala. Pakati pa kaulaloko pamakhala kamfundo kolimba, ndipo kinase yochedwa citron imathandiza kukagwira kuti kasamasuke.

Cacinai ndi lumo. Kaulalo kaja kamakhalapo kwa ola limodzi kapena kuposa. Kenaka kamfundo kamaitana gulu la mapuloteni ochedwa ESCRT, amene amazungulira m'kati mwa kaulalo ngati waya wopotedwa, n'kumapanikiza mpaka kataduka. Jeremy Carlton ndi Juan Martin-Serrano a ku King's College London ndiwo anaonetsa zimenezi mu 2007. Gulu lao linali kufufuza za HIV, pakuti kunali kutadziwika kale kuti kacirombo ka HIV kakamatuluka m'selo kamabwereka lumo lomweli kuti kadziduleko.

Cacisanu ndi kuyang'anitsitsa lumo lisanagwe. Mzamba sadula mcombo wa mwana asanamange ndi kuona kuti zonse zili m'malo. M'selo, nchito imeneyi ndi ya Aurora B. Nthawi zina kacidutswa ka chromosome kamatsalira m'kaulalo. Pamenepo Aurora B imakhalabe yoyaka, n'kudinda imodzi mwa mapuloteni a ESCRT ndi cidindo cocedwetsa, kuti DNA isadulidwe pakati. Kacidutswako kakacoka, Aurora B imazima ndipo kudula kumatha. Ofufuza a ku Zurich, m'dziko la Switzerland, anaona zimenezi mu yisiti mu 2006, ndi m'maselo a munthu mu 2009.

Pamene thupi limasiya dala kudula

Pali malo ena m'thupi pamene selo limayamba kugawikana koma osamaliza, ndipo si matenda. M'mafupa muli maselo akuluakulu amene amakopera mitolo yao kangapo osaduka. Akakula kwambiri amanyenyeka kukhala tizidutswa timene timaumitsa magazi pa bala. Maselo ena a ciwindi ndi a mtima ali ndi maphata awiri. Maselo amene amadzakhala mbeu ya mwamuna amasunga kaulalo kao osadula, n'kumakula ali ogwirana mpaka atakhwima.

Koma pamene kudula kufunika, kulephera kwake kumaonekera. Mu 2016 madokotala anapeza mabanja ena amene ana ao anabadwa ndi mutu waung'ono kwambiri cifukwa ca cilema ca kinase ya citron. Maselo opanga ubongo anali kulephera kuduka bwino mwana akali m'mimba, ndipo ambiri anali kufa.

Kudula kukalephereka

Lamba akamasuka kapena kaulalo kakabwerera, maselo awiri aja amaphatikananso kukhala limodzi la mitolo 92. Selo lotere likadzayesanso kugawikana, timaulusi tingacokere ku mbali zitatu kapena zinai m'malo mwa ziwiri, ndipo mitolo imagawika mwacisawawa. Theodor Boveri wa ku Germany analemba mu 1914 kuti zotupa za khansa zingayambe ndi selo la mitolo yosokonekera. Panapita zaka zambiri mfundoyi isanayesedwe bwino. Mu 2005, gulu la David Pellman ku Boston linaletsa dala maselo a mbewa kuduka, ndipo maselo a mitolo yowirikiza aja anapanga zotupa.

Pa kuyesa kumeneku panali cinthu cimodzi cofunika kucidziwa: maselowo analibe puloteni yochedwa p53. Imeneyi ndi mlonda wa selo. Ikaona kuti DNA yaonongeka kapena kugawikana kwalakwika, imaimitsa selo, ndipo ngati cholakwikaco sicikonzeka imalilamula kufa. M'thupi la munthu aliyense maselo ena amalakwitsa pogawikana, koma mlonda amawacotsa tisanadziwe n'komwe. Ngozi imabwera pamene kudula kwalakwika ndipo mlonda palibe.

Cimene kacirombo ka HPV kamacita

Apa ndi pamene nkhaniyi ifikira amai athu. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anapeza mitundu iwiri ya kacirombo ka HPV m'zotupa za khomo la ciberekero: HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984. Iye analandira Nobel mu 2008. Mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 alionse a khansa imeneyi.

Kaciromboka kamalowa m'maselo a pa khomo la ciberekero ndi kupanga mapuloteni ake awiri, E6 ndi E7. E7 imamasula buleki wa selo, motero limangogawikana ngakhale pamene linayenera kupuma, ndipo imasokonezanso malo ocokerako timaulusi tokoka mitolo. E6 imaononga mlonda uja, p53. Maselo amayamba kugawikana mothamanga, ena osaduka bwino, ndipo palibe wowacotsa. Opima pa maikulosikopu amaona maselo a maphata awiri kapena a phata lotupa mwa mai amene ali ndi kaciromboka, ndipo maselo a mitolo 92 amapezeka pa khomo la ciberekero khansa isanayambe. Zambiri zimene tafotokoza za Plk1, Aurora B ndi ESCRT zinaphunziridwa pa maselo ochedwa HeLa, amene anatengedwa pa cotupa ca khomo la ciberekero ca Henrietta Lacks ku Baltimore mu 1951, iye osafunsidwa. M'maselo amenewo muli HPV 18, ndipo akali kugawikana mpaka lero m'malo ofufuzira pa dziko lonse.

HPV imafala pogonana, ndipo ndi yofala kwambiri mwakuti pafupifupi munthu aliyense amene anakhalapo malo amodzi ndi mnzake amaitenga nthawi ina pa moyo wake. Mwa anthu ambiri thupi limaicotsa lokha pa caka cimodzi kapena ziwiri. Mwa ena imakhalitsa mwakacetecete. Bungwe la WHO likuti pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti khansa ikule mwa mai wa citetezo cabwino, koma zaka 5 mpaka 10 cabe mwa amene citetezo cake cinafooka, ndipo amai amene ali ndi HIV ali pa ciopsezo coposa ca anzao kasanu ndi kamodzi. Motero mai akapezeka ndi vutoli lero, kacirombo kangakhale kanalowa kalekale, mwinanso kudzera mwa mwamuna wake. Abambo, si cifukwa coimbira mkazi mlandu kapena kumusiya.

Zaka zimenezo ndizo mpata wathu

Popeza kuonongeka kwa maselo kumaunjikana pang'onopang'ono, pali nthawi yaitali yokupeza kusanafike pa khansa. Pulogalamu yopima amai m'Zambia inayamba m'makiliniki a boma a mu Lusaka mu 2006, motsogozedwa ndi madokotala Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu, ndipo kucokera pamenepo yafalikira m'zigawo zonse za dziko. Namwino amapaka viniga pa khomo la ciberekero ndi kudikira pafupifupi mphindi imodzi. Malo amene maselo akugawikana mosalongosoka amakhala ndi maphata aakulu othithikana, ndipo viniga akawakhudza amayera. Malo oyerawo akakhala aang'ono, amaumitsidwa ndi mpweya wozizira kwambiri kapena kuwaocha ndi kacipangizo kotentha, kawirikawiri tsiku lomwelo. Akakhala aakulu, mai amatumizidwa kukawadula ndi kawaya ka magetsi. M'zipatala zina mulinso njira yopima kacirombo kenikeniko. WHO imalangiza kuyamba kupimitsa pa zaka 30, ndipo kwa amai amene ali ndi HIV, pa zaka 25.

Katemera wa HPV anayesedwa m'cigawo cathu ca Lusaka kuyambira mu 2013, n'kufika m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14. Mu 2023 boma linaufikitsa kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14. M'katemerayu mulibe kacirombo kamoyo, muli cabe puloteni ya cikamba cake, imene imaphunzitsa thupi kukazindikira ndi kukagwira kasanalowe m'selo. Sacotsa kacirombo kamene kanalowa kale, ndiye cifukwa cake amaperekedwa mwana akali wamng'ono. Katemerayu saletsa kubereka. Cimene cimalanda mai ciberekero ndi khansa yopezeka mocedwa.

Kwa amene akulandira mankhwala

Ena mwa ife tili ndi acibale amene amayenda ulendo wa pa Great East Road kupita ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007. Cithandizo cambiri ca kumeneko cimalimbana ndi kugawikana kwa maselo. Ceza ca makina ndi mankhwala a cisplatin zimaononga DNA ya maselo a khansa kuti afe poyesa kugawikana. Paclitaxel ndi vincristine zimasokoneza timaulusi tokoka mitolo. Mankhwala otere amakhudzanso maselo abwino amene amagawikana msanga, a m'mizu ya tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'mafupa. N'cifukwa cake ena tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo magazi amacepa. Zimenezi sizitanthauza kuti mankhwala akukana wodwala. Auzeni adokotala zonse zimene mukuona, ndipo musalekeze mankhwala panjira mwa inu nokha.

Vincristine amacokera ku duwa la ku Madagascar la maluwa oyera kapena ofiirira, limene limamera m'mabwalo a nyumba zambiri kuno. Mankhwalawo amayengedwa ku fakitale ndi kupimidwa mosamala. Duwalo lili ndi poizoni, ndipo kuwiritsa masamba ake sikuciza khansa. Mankhwala olimbana ndi Plk1 ndi Aurora mwacindunji alipo amene apangidwa, popeza ma kinase amenewa amapezeka oculuka m'zotupa zambiri, koma akali kuyesedwa.

Zoyenera kucita

Amai a zaka zimene tachula, funsani pa kiliniki yanu kapena pa cipatala ca St Luke's ku Mpanshya za kumene mungapimitse ndi tsiku lake, ngakhale simukumva kupweteka kulikonse. Kuonongeka koyambirira sikupweteka. Mukapimidwa, sungani khadi ndi kubwerera pa tsiku limene namwino walemba. Amene mukumwa ma ARV, pitirizani kumwa mokhulupirika, ndipo funsani za kupimitsa pamene mukukatenga mankhwala.

Ngati mukutaya magazi pakati pa masiku a kumwezi, mutakhala malo amodzi ndi amuna anu, kapena mutasiya kale kusamba, kapena ngati kukutuluka madzi onunkha osaleka, pitani ku cipatala sabata yomweyo. Zizindikiro zimenezi zingakhale ndi zifukwa zina, koma wonena ndi amene wapima.

Makolo ndi agogo olera ana, fufuzani ngati atsikana anu a zaka 9 mpaka 14 analandira katemera, makamaka amene sali pa sukulu kapena anajomba tsiku limene azaumoyo anabwera. Abambo, ndalama ya basi ndi munthu wotsala ndi ana tsiku limenelo zili m'manja mwanu. Atsogoleri a magulu a amai m'mipingo ya ku Chinyunyu, Rufunsa, Mpanshya ndi Shikabeta angathe kupangana ndi a kiliniki tsiku loti amai apite pamodzi, pakuti ambiri amaopa kupita okha. Mu 2020 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera, amai 70 mwa 100 akhale atapimidwa, ndipo 90 mwa 100 a opezeka ndi vuto alandire cithandizo. Kuno kwathu, ziwerengero zimenezo zidzakwanira pokhapokha mai aliyense wa m'midzi yathu atafika pa kiliniki.